Ndani Atembenuze Ababa

Blantyre, 8 Sepitembala 2024

Achemwali a Hasina,

Asalaam aleikum. Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi ababa. Ine ndinafika, Alhamdulillah, koma ndinafika wopanda foni. Anandibera ku Limbe tsiku lomwelo ndikutsika minibasi. Ndinali nditasenza chikwama, thumba la mpunga lili kudzanja, ndiye bambo wina anandigunda n'kunena kuti, "Pepani asisi." Pepani ameneyo ndi amene anapita ndi foni.

Ndiye tizilemberana ngati anthu akale. Ndapezana ndi a Beauty, aja amabwera ndi usipa wa ku Chipoka pamsika wa Limbe. Avomera kumatinyamulira makalata. Amafika kuno Loweruka, Lolemba n'kubwerera.

Ku hositelo ya koleji malo anatha ndisanafike. Tikuchita lendi kachipinda ku Chitawira, atsikana anayi, mabedi awiri. Ndimagona ndi Mavis wa ku Mzimba, munthu wabwino koma amaponya miyendo. Malo oswalira, pamene ndimapempherera, ndi kampata ka pakati pa bedi ndi chitseko, ndipo wina akafuna kutuluka amandidikira ndi nkhope yotopa. M'mawa kuno kumazizira, osati ngati kwathu. Ndiwo zake ndi kabichi ndi soya basi. Nsomba imene amaitcha chambo kuno, kwathu tikanapatsa mphaka.

Lachitatu anatipatsa yunifomu ya unamwino. Nditavala ndinaima pagalasi nthawi yaitali mpaka Mavis anandiseka. Ndikanakonda mukanandiona.

Munditumizireko bulangete ngati lilipo lapadera, ndi usipa pang'ono. Muwauze ababa kuti mwana wawo ali pa koleji. Ndikudziwa sayankha, koma amamva. Achimwene a Kamal akabwera kuchokera ku Salima boma muwapatse moni, iwo ndi alamu a Salma.

Mng'ono wanu,
Naima

Chipoka, 13 Sepitembala 2024

Naima,

Waaleikum salaam. Kalata ndalandira. Pepa za foni.

Ababa ali monga unawasiyira. Mbali ya kumanja ndi yomwe ija, yakufa. Adya phala, asamba, ndawatulutsa pakhonde, ndawalowetsa. Ndinawawerengera kalata yako. Pa nkhani ya chambo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, kenako anatsamwa, ndinachita kuwamenya pamsana.

Bulangete lapadera mnyumba muno mulibe, ukudziwa. Awiri ndi a ababa, limodzi likamauma lina ali nalo. Ndakutumizira langa. Kuno kwayamba kutentha, sindilifuna mpaka mwezi wa Meyi.

Kamal sanabwere chichokereni iwe. Anatumiza shuga ndi kondakitala wa minibasi, ndi uthenga woti kushopu kwachuluka ntchito. Kuchokera ku Salima boma kufika kuno pa njinga yake yamoto sipatha ola.

Ukuti ukanakonda ndikanakuona mu yunifomu. Ndikuidziwa. Kalata yanga yondiitana ku sukulu ya unamwino ikadali m'sutikesi ya malemu amayi, mndandanda wa zofunika kugula uli kumbuyo kwake: nsapato zakuda zopanda chidendene, wotchi ya pachifuwa. Wotchiyo ndinali nditagula kale pamene ababa anagwa padoko. Iwe unali Sitandade 8, mwina sukumbuka. Ndi imene ndinakuikira m'thumba la pambali la chikwama chako. Sunaitchule, ndiye sindikudziwa ngati unaipeza.

Usamadandaule za kabichi. Werenga.

Hasina

Blantyre, 29 Sepitembala 2024

Achemwali,

Asalaam aleikum. Pepani ndachedwa kuyankha, masabata awiriwa tinali ndi timayeso. Bulangete ndinalandira, likununkhira utsi wa kwathu. Wotchi ndinaipeza, zikomo, ndimaivala tsiku lililonse. Anzanga amati ndi yachikale koma imayenda bwino kuposa zawo.

Ndili ndi zambiri zoti ndikuuzeni zothandiza ababa. Sabata ino taphunzira kasamalidwe ka wodwala wosatha kudzuka. Tili ndi chidole chachikulu ngati munthu, chimene timayeserera kusambitsa ndi kutembenuza. Aphunzitsi akuti wodwala wotere azitembenuzidwa maola awiri alionse, apo ayi amachita zilonda zogonera. Ndakumbukira kuti inu mumawatembenuza ababa mwina kanayi patsiku. Sizokwanira, achemwali. Komanso mmene mumawakokera m'khwapa muja ndi molakwika, mutha kuwagulula phewa. Muzipinda bondo lawo kaye, dzanja lina paphewa, lina m'chiuno. Ndajambula chithunzi kuseri kwa pepalali.

Chinanso, musamawadyetse atagona chagada, ndiye chifukwa chake amatsamwa. Ndipo muziwayankhula mokoma powasambitsa. Aphunzitsi akuti wodwala amamva mtima wa womusamalira kudzera m'manja. Nthawi zina mumawakalipira akaipitsa zofunda, ndinkakumvani.

Pa kuyesererako ndinapeza bwino kuposa onse m'gulu lathu. Aphunzitsi anandifunsa kuti, "Unayamba wasamalapo wodwala?" Ndinati, "Eya, bambo anga, zaka zisanu ndi chimodzi." Anauza kalasi yonse kuti itengere chitsanzo kwa ine.

Moni kwa ababa ndi kwa a Dailes a nyumba yoyandikana nafe.

Naima

Chipoka, 4 Okotobala 2024

Naima,

Waaleikum salaam. Chithunzi chako ndaona. Wajambula bwino.

Ndikufunse. Chidole chanucho chimalemera bwanji? Chimatsekula m'mimba? Ukachitembenuza chimakulavulira phala kumaso chifukwa chakwiya kuti chili moyo? Ababa, zaka zisanu ndi chimodzi pa matilesi amodzi, alibe chilonda ngakhale chimodzi. Ukawafunse aphunzitsi akowo kuti zimenezi amapereka mamalikisi angati.

Ukuti unasamala bambo ako zaka zisanu ndi chimodzi. Iwe unkawabweretsera madzi akumwa ndi kuwayatsira wailesi. Beseni sunaligwirepo, chifukwa ndinkakuthamangitsa kuti ukawerenge. Ndinkatero ndi mtima wanga wonse, sindikukuwerengera. Koma usatenge zaka zanga kukavala m'kalasi.

Lachisanu lapitalo shehe anabwera kudzawachitira ababa pemphero la duwa, Kamal ali pomwepo. Shehe anati, "Si bwino mwana wamkazi kumaona thupi la bambo ake pamene mwana wamwamuna alipo." Kamal anati, "Zoona shehe, tikonza." Atamwa tiyi Kamal analiza njinga yake. Pochoka anandiuza kuti, "Iwe Hasina, mphotho yako ili kwa Allah." Ndinati, "Nanga yako ili kwa ndani?" Sanamve, injini inali italira.

Muhammad uja anandidikira zaka zitatu kuti andikwatire, mkazi wake wabereka wachiwiri sabata yatha. Ndinapita kukaona mwana, ndinanyamula sopo.

Basi, zimenezo zatha. Undithandize kanthu kena. Mwana wa a Idi a kuno kwathu, wamkazi uja, akufuna kutsatira azakhali ake ku Joni, ndiye akuopa kusochera mu Blantyre. Ukafunse pa depoti ya Wenela kuti mabasi a ku Joni amanyamuka masiku ati, nthawi yanji, ndipo munthu wochokera ku Salima atsike pati kuti akafike msanga. Ukafunsenso ngati tikiti amagula tsiku lomwelo.

Undiuzenso tsiku lenileni limene mukutsekera. Ndikufuna kudziwa kuti ubwera liti, ndipo ukhala masabata angati.

Hasina

Blantyre, 13 Okotobala 2024

Achemwali anga,

Asalaam aleikum. Kalata yanu ndinawerengera kuseri kwa msika wa Limbe, ndinalira mpaka a Beauty anandipatsa mpango wawo. Ndinalakwa. Ndimafuna kuthandiza, koma ndinayankhula ngati mwana. Mundikhululukire. Ndasangalala kuti pamapeto pake munandituma kanthu, ndaona kuti simunanditaye.

Ku Wenela ndinapita dzulo ndi Mavis. Mabasi alipo angapo, koma odalirika akuti ndi a Lachitatu ndi Loweruka, amanyamuka m'mawa. Ndi bwino afike dzulo lake, agule tikiti, agone pa depoti pomwepo, amayi ambiri amatero. Akakwera basi ya ku Salima asatsikire ku Limbe, anene kuti Wenela. Ngati akuopa, andiuze tsiku, ndidzapita kukamulandira. Asunge bwino foni.

Za kutsekera: mayeso ayamba pa 2 Disembala, atha pa 13. Koma pali nkhani yabwino. Asankha ophunzira khumi oti akatsale pa holide kuchipatala kukaphunzira ntchito m'mawodi, ndipo ine ndili m'gulumo. Sizokakamiza, koma amene apitako amakhala patsogolo pa anzawo. Ndavomera. Ndiye Disembala uno sindibwera, mwina ndidzabwera pa chikondwerero cha Idi chaka chamawa. Ndikudziwa mumvetsa, inu ndi amene mumati ndiwerenge.

Zaka zitatu si zambiri, achemwali. Ndikamaliza n'kuyamba ntchito, ndidzakupezerani munthu wokuthandizani, inu mudzapume.

Naima

Blantyre, 3 Novembala 2024

Achemwali,

Asalaam aleikum. Masabata atatu tsopano opanda kalata yanu. A Beauty sanabwere kawiri chifukwa cha kusowa kwa mafuta, koma dzulo anabwera chimanjamanja. Akuti anakupezani mukuchapa, munangoti, "Muuzeni tili bwino." Akutinso makina osokera a amayi anawaona kwa telala wa pamsika. Awonongeka?

Ndinabwereka foni ya Mavis kuimbira achimwene a Kamal, anati zonse zili bwino, ali ndi makasitomala. Ngati mukadali okwiya ndi nkhani ya chidole ija, nditukwaneni m'kalata, bola mulembe. Mwana wa a Idi anapita?

Naima

Salima, 14 Novembala 2024

Naima,

Asalaam aleikum. Ndine mchimwene wako Kamal. Ndikulemba mwachangu, a Beauty akudikira.

Mkulu wako watichititsa manyazi. Lachiwiri m'mawa anasambitsa ababa, anawadyetsa, anapereka kiyi kwa a Dailes kuti akupita kuchigayo, sanabwerenso. Anagulitsa makina a malemu amayi osandiuza ine. A Idi akuti mwana wawo sanaganizepo zopita ku Joni, ali pakhomo. Amene wapita ku Joni ndi Hasina, ndipo njira unamufufuzira ndiwe.

Panopa ababa akuwayang'anira a Dailes, munthu wa chipembedzo china, mkazi wa mwini. Anthu ku mzikiti akutiseka. Ine sindingatseke shopu, ndi imene imadyetsa tonse, ndipo mlamu wako ndi woyembekezera. Ndakambirana ndi akuluakulu, tagwirizana kuti ubwere. Ukauze akoleji akusungire malo. Sukulu siithawa, koma bambo ndi mmodzi. Komanso zimene waphunzira kale zikwanira kusamalira ababa, mwina Allah anakutumiza kumeneko chifukwa cha zimenezi.

Anasiya kalata yako kwa a Dailes. Ndaiwerenga, ndaika momwemu. Uone wekha mtima wa munthu amene unkamutcha mkulu wako.

Ndikukuyembekezera Lamulungu.

Kamal Sulaiman

Chipoka, 11 Novembala 2024

Naima,

Ukamawerenga kalatayi ndidzakhala nditawoloka malire. Pasipoti ndinapangitsa chaka chatha, inkakhala pansi pa mpunga m'chitini. Sindinkadziwa ngati ndidzaigwiritsa ntchito. Ndinadziuza kuti Naima akabwera Disembala n'kundigwirira masabata atatu okha, ndikagone kwa azakhali ku Maganga, ndidzuke dzuwa litakwera ngati munthu, ndipirira chaka china. Unayankha kuti wavomera kutsala. Sunafunse n'komwe.

Ukuti zaka zitatu si zambiri. Inenso anandiuza kuti chaka chimodzi chokha, ababa akapeza bwino ndidzapita. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndakhala ndikuwayang'ana ababa masiku ano n'kumawerenga mpweya wawo, ndipo tsiku lina ndinadzipeza ndikukhumudwa kuti akupumabe. Ndi bwino ndichoke ndisanafike poipa kuposa pamenepo.

Amene atsale nawo adziwe izi.

Amadzuka nthawi ya swala ya m'mawa. Uyambe wawachotsa thewera, usadikire kuti adye. Madzi akhale ofunda, oyesa ndi chigongono. Kumsana ndi m'matako upake vaselini ukawapukuta, osasiya chinyezi m'mapindiko. Phala la mpunga likhale lamadzimadzi, supuni yaing'ono, ulowetsere mbali ya kumanzere. Akatseka pakamwa usakakamize, uyatse wailesi, ayiwala n'kutsegula. Mankhwala a BP ndi kam'bulu kamodzi m'mawa, amakabisa m'tsaya, uyang'ane ndi chala. Akamenya bedi kawiri akufuna chikopo chokodzera. Akamenya kosalekeza akufuna uwatembenuzire kukhomo kuti aziona anthu odutsa. Nsomba uchotse minga yonse ndi manja ako, usakhulupirire maso. Lachisanu uwaveke kanzu yoyera ndi kofia ngakhale sapita kulikonse. Akalira usawafunse chifukwa, ungokhala pafupi.

Matewera a nsalu alipo asanu ndi atatu. Ukachapa m'mawa, pofika masana auma.

Nambala ya mayi amene akandilandire ndasiyira a Dailes. Usandiimbire kuti ndibwerere.

Hasina

Blantyre, 1 Disembala 2024

Achemwali a Hasina,

Asalaam aleikum. Kalatayi ndiijambula pa foni ya Mavis n'kutumiza pa nambala munasiya ija. Sindikudziwa ngati ikupezani, kapena ngati mufuna kuiwerenga.

Lachitatu lija munakwera basi pa Wenela, ine ndinali m'kalasi, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi. Munagona pa simenti ya depoti usiku wonse mu mzinda umene ine ndili, pamalo amene ndinakulozerani ndekha. Zimenezi sindinazimeze mpaka lero.

Ndinapita kwathu pa 17. Ndinapeza a Dailes atatopa, maso ali gwa. Anayesetsa mayi aja, koma m'masiku asanu okha ababa anali atayamba kachilonda m'chiuno. Ndinachita zonse monga munalembera. Tsiku loyamba ndinasanza kuseri kwa bafa. Tsiku lachitatu msana unakana kuwongoka. Ndinayesa kuwatembenuza monga ndinakujambulirani paja, anandimenya ndi dzanja lamoyo lija mpaka ndinawagwira m'khwapa ngati inu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anaipitsa zofunda nditangowasintha kumene, ndipo ndinawakalipira. Mawu amene anatuluka anali anu enieni.

Achimwene a Kamal anabwera kamodzi, ndi buledi. Anaima pakhomo la chipinda, sanalowe. Ndinati, "Mayeso anga ayamba pa 2." Anati, "Nkhani imeneyo tinatseka." Ndinati, "Tigawane. Inu muwatenge mpaka ndimalize semesita, ine ndidzawatenga pa holide." Anati, "Nyumba yanga ndi ya lendi, ndipo kumabwera alendo. Usayambe makhalidwe a mkulu wako." Anandisisita pamutu ngati kamwana n'kumapita.

Lachitatu lapitali ndinawasambitsa ababa, ndinawaveka kanzu yoyera. Anandiyang'ana modabwa chifukwa silinali Lachisanu. Ndinati tikupita kuchipatala. Ndinaitana takisi, amuna awiri a padoko anandithandiza kuwanyamula, matilesi tinamanga pamwamba. Njira yonse ankayang'ana pawindo, akuoneka osangalala. Zaka zingati asanaone msewu wa ku boma?

Titapitirira njira ya kuchipatala anayamba kumenya mpando.

Ndinasankha nthawi yoti achimwene ali kushopu, chifukwa akanakhalapo akanatibweza pageti. Anatsegula chitseko ndi alamu a Salma, mimba ili patsogolo, m'manja muli chipande. Anati, "Alamu, bwanji osatiuza?" Ndinati, "Ababa abwera kwa mwana wawo." Adalaivala anandithandiza kuwagoneka pabalaza. A Salma anangoima, akuyang'ana matilesi, beseni, ndi mtolo wa matewera.

Nditagwada kuti nditsanzike, ababa anandigwira pamkono. Mukudziwa mphamvu ya dzanja lija. Anavutika nthawi yaitali, malovu akutsika, kenako anatulutsa liwu limodzi, lomveka bwino kuposa onse amene ndawamva chigwereni. Anati, "Nawenso?"

Ndinachotsa zala zawo chimodzichimodzi. Ndinakwera takisi yomweyo mpaka pa depoti.

Achimwene aimba kasanu ndi kawiri pa foni ya Mavis. Akuti ndisadzapondenso pakhomo pawo, akuti ndilibe chipembedzo. Mavis watsekera nambala yawo kuti asamaimbenso. Mawa ndikulemba mayeso oyamba. Ndawerenga, ndipo ndikuganiza kuti ndikhoza.

Sindinakukhululukireni, achemwali, ndipo sindikupempha wina kuti andikhululukire ine. Ndimafuna mudziwe chinthu chimodzi chokha. M'takisi muja ndinkadziuza kuti ndikukatula katundu kwa Kamal, kuti nayenso agwire beseni. Koma a Beauty andiuza dzulo kuti Kamal akutsegula shopu nthawi yake yomwe ija, ndipo pa chingwe cha kuseri kwa nyumba yawo payanikidwa matewera asanu ndi atatu.

Salma ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Sanatilakwire kanthu. Pochoka paja ndinamusiyira kalata yanu ya malangizo. Sindinasinthemo chilichonse. Ndinangofufuta dzina langa pamwamba, ndipo cholembera chili m'manja ndinaganiza zolembapo Kamal. Ndinalembapo Salma, chifukwa ndinkafuna kuti ababa adye.

Naima